Kagalimoto ka ku Gofu M'goli la Ng'ombe

Joni, 9 Ogasiti 2009

Okondedwa achimwene a Simeon,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Ezelina ndi onse kwathu ku Kaluluma. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chandilowa m'mafupa.

Nkhani ndi iyi. Mukudziwa kuti ndatha zaka khumi ndi chimodzi ndikutchetcha kapinga pabwalo la gofu, pomwe anthu olemera amamenya kampira koyera n'kumakalondola tsiku lonse. Kuno nyumba ya lendi ikakhala ndi kagalimoto koyendera pabwalopo, lendi yake imakwera. Tsono kamodzi kanakalamba, abwana anati katayidwe, ine n'kukapempha. Kakubwera pa lole ya Thandizo, uja amanyamula katundu wa anthu a kuno kupita naye kumudzi. Sikamwa petulo, kamayendera mabatire asanu ndi limodzi.

Nyumba yanga ija ya malata makumi anayi isamangogonamo mileme. Pezani munthu wapantchito alowemo, ndipo mumuuze kuti nyumba ndi kagalimoto zimayendera limodzi. Lendi azipereka kwa Thandizo, iye azindibweretsera.

M'envulopumu mulinso mapepala awiri a Chingerezi. Musavutike n'kuwawerengetsa, ndi umboni chabe woti katundu wafika. Dindani chala pomwe ndajambula mtanda. Limodzi mubweze, lina musunge.

Akayamba kulemba mayina a makuponi a feteleza, langa lisasowe. Kukhala ku Joni sikuti ndasiya kukhala wosauka wa m'mudzimo.

Ndine mng'ono wanu,
Moffat


Kaluluma, 20 Sepitembala 2009

Mng'ono wanga Moffat,

Moni kuno ngwochuluka, utapepo wekha wokukwanira. Wolankhula ndine mkulu wako Simeon, cholembera chili m'manja mwa alamu ako, paja ine sukulu ndinangoiona denga ndikudutsa ndi ng'ombe.

Kanthu kako kafika! Tsiku lomwe Thandizo anakatsitsa, anthu anataya makeni kunazale za fodya n'kubwera chothamanga. Ena amati ndi ambulansi ya ana, ena amati ndi guwa la abusa loyenda lokha. Zitseko kalibe, utsi kalibe, phokoso kalibe. Kamangotulukira kumbuyo kwako ngati njala ya mu Febuluwale.

Wolowa m'nyumba tamupeza. Ndi a Raymond Chavula, alangizi a kampani ina ya fodya, munthu wosakwatira, wonunkhira sopo mpaka Loweruka. Chala ndinadinda tsiku lomwelo. Ndiye a Raymond atangoponya diso papepala langa lija, akuti, "Kani eni ake a galimotoyi ndinu, madala? Pano palembedwa choncho." Moffat, ndinakhala pansi. Bwanji sunanene kuti ndi mphatso? Unachita manyazi? Ine amene ndinakubereka kumsana amayi ali kumunda, lero ndafa ndili ndi galimoto! Mulungu akuonjezere.

Koma tamva. Tsiku lachinayi kanangoti zii pakati pa msewu. Akuti mabatire atha, ndipo magetsi ali kuboma, ulendo wa theka la tsiku. Tinakankha mpaka thukuta kulowa m'maso. Apo mnansi wathu Masautso anati, "Vuto lake n'chiyani, si mateyala alipo?" Anabwera ndi ng'ombe zake ziwiri, Kaputeni ndi Sajeni, n'kukoleka tcheni cha pulawo kutsogolo. Pano kakuyenda bwino kuposa kale. Masautso amagwira chikwapu, ine ndimagwira chiwongolero, a Raymond amakhala pambali atabisa nkhope m'nyuzipepala.

A Raymond omwewo ndi amene anayambitsa za inshuwalansi. Akuti chinthu chochititsa lendi chikavulaza munthu kapena kuwononga cha eni, mlandu wake umatha kudya nyumba. Ndiye ndinavala jekete, ulendo wa kuboma pa matola. Muofesimo ndinapeza mtsikana wa zikhadabo zofiira.

"Nambala ya galimoto, agogo?"

"Ilibe, mwanawe."

"Buku lake?"

"Siwerenga."

"Injini yake ndi yaikulu bwanji?"

"Ndi ziwiri," ndinatero ine, "ina yakuda, ina ya mawanga."

Anakaitana abwana ake, iwonso n'kuitana anzawo, mpaka ofesi yonse inadzaza kudzaona munthu wa injini zodya udzu. Atatha kuseka anati ya galimoto siingatheke, koma angathe kulemba ya nyumba, n'kuphatikizamo ngozi yogwera anthu ena chifukwa cha katundu wa panyumbapo. Akufuna K12,000 pachaka. Tumiza pa Thandizo, chonde, mvula isanayambe.

Ndine mkulu wako,
Simeon

Alamu, uyu ndi Ezelina, izi sanandiuze kuti ndilembe. Zaka khumi ndi chimodzi simunatitumizireko ngakhale sopo wochapira, lero galimoto yathunthu? Nkhuku ikaona akuiwazira chimanga chambiri, iziyang'ana dzanja linalo.


Kaluluma, 28 Okutobala 2009

Moffat,

Kodi uli moyo? Thandizo wabwera kawiri, lendi watenga kawiri, koma kalata yako ayi. Ndikamufunsa amangoti, "Akuti akupatsani moni." Moniyo ndapita naye kuofesi ya inshuwalansi, akuti salandira.

Ife tili bwino, kupatula chifuwa cha alamu ako ndi dzuwa lomwe likuwamba anthu ngati mbewa.

Galimoto yanga ikugwira ntchito yotamandika. Yanyamula odwala anayi kupita kuchipatala, mkwatibwi mmodzi, ndi bokosi la malemu a Sunganani. A Raymond akudandaula kuti iwo amalipira lendi ya chinthu chomwe amachiona chikudutsa ndi anthu ena. Akuti ku Joni kuja amakwera ndi wolipira yekha. Ndinawayankha kuti, "Achimwene, ku Joni mwina anthu samwalira. Kuno munthu wa maliro akaima pakhomo atavula chipewa, mumuuza kuti chiyani? Kuti aonetse lisiti?" Anangoti yewo, n'kulowa m'nyumba.

Za kuponi yako, ndinayesa. A Lefina, mayi wamasiye uja amene ndi wapampando wa kalabu ya alimi, anandifunsa kuti munda wako uli pati. Ndinati uli mumtima. Anati feteleza wake ukathire momwemo. Ndipo usadandaule, chaka chino makuponi achepa: thumba limodzi tikugawana mabanja awiri, kuyeza ndi ndowa, wina akuyang'anitsitsa mnzake ngati pogawa nyama ya pamaliro.

Ndalama ija tumiza. Mitambo yayamba kusonkhana.

Simeon


Joni, 15 Novembala 2009

Achimwene,

Moni nonse. Pepani, kalata yanu ya Sepitembala sindinailandire, ndiye za ndalama zomwe mukunenazo sindikuzidziwa bwino. Koma ndakhumudwa kumva kuti chinthu chomwe chinkanyamula madokotala ndi maloya mwachimanga kumatako kwa Kaputeni ndi Sajeni. Ndipo muwauze alamu kuti ine sindiweta nkhuku.

Inshuwalansi isiyeni. Imeneyo ndi msampha wa anthu osayenda. Ine ndimanyamulira zibonga za gofu loya wina wamkulu kuno, ndipo anandiphunzitsa njira yaulere yodzitetezera. Zonse ndinakonza kale, inu musade nkhawa.

Chachikulu musalole a Raymond kuti atsitse lendi. Muwakumbutse kuti nyumba yokha ndi K6,000, ndipo K3,000 yapamwambayo ndi ya kagalimoto. Kayende ndi mabatire, kayende ndi ng'ombe, kayende ndi abakha, K3,000 yanga ifike kuno yathunthu mwezi uliwonse. Nzeru zimenezi kumudziko palibe anazilotapo.

A Lefina muwauze kuti ndidzawakumbukira.

Moffat


Kaluluma, 13 Disembala 2009

Moffat mng'ono wanga,

Moni ndikupatsa, koma ngwowawa. Khala pansi, ngati kuli mpando.

Tinagona pamzere kudepoti masiku atatu kudikira feteleza wa makuponi. Lachisanu masana tinagula: matumba asanu ndi limodzi, a mabanja khumi ndi awiri a m'kalabu mwathu, theka la thumba langa lili momwemo. Kumwamba kunali kutada bii kuchokera cha ku Simlemba. Wa ngolo wina amafuna mtengo wa mbuzi. A Lefina anati, "A Simeon, si muli ndi galimoto inu?" Ukanakhala iwe ukanakana? A Raymond anali ku msonkhano ku Lilongwe. Masautso anakatenga ng'ombe ndi galimoto, tinapakira, ine pachiwongolero.

Tsono pali zinthu ziwiri zoti udziwe. Choyamba, ine ndinali ndi kachizolowezi. Tikafika pamlatho wa mitengo wa kudambo, pomwe amayi amachapa, ndimaponda chopondera chothamangitsira galimoto mpaka pansi n'kumalira ndi pakamwa kuti vuuum, vuuum, kuti aseke. Chinthu chakufa, ukachiponda chimakuyankha? Kiyi naye ankangokhala momwemo chitembenuzire, poti ndani angabe maliro.

Chachiwiri, chomwe sindinkachidziwa: Lachitatu a Raymond anazula mabatire onse, kupita nawo kuboma pa galimoto ya kampani, kuwadzadzitsa magetsi, n'kuwabwezeretsa osauza munthu. Akuti amafuna Lamulungu adzadabwitse chibwenzi chawo Jane popita naye kutchalitchi popanda fungo la ndowe.

Tafika pamlatho. Mtsinje wadzaza ndi mvula ya kumtunda. Amayi atatu ali pamwala. Ndakonza kukhosi, ndaponda.

Moffat, vuuum wanga sanatuluke. Chinthu chija chinadzuka kwa akufa osapereka moni, n'kukagunda Sajeni m'miyendo ya kumbuyo. Sajeni anadumpha, Kaputeni anakhotera kwake, Masautso akukuwa dzina la amayi ake a ku Lukwa, ine ndikupotoza chiwongolero uku phazi langa laiwala kuchoka. Kenako ndinaona thambo lili pansi, madzi ali kumwamba.

Anandivuula ndi amayi ochapa aja, ndi chitenje. Ndatupa phewa koma ndili moyo. Sajeni anathyoka mwendo, tinamupha madzulo omwewo. Galimoto tinaikoka m'mawa mwake, yapindika denga basi. Koma feteleza, mng'ono wanga! Matumba tinawapeza kumunsi, atang'ambika pamiyala, opepuka ngati mapilo. Chaka chino achule a m'dambomo abereka mapasa.

Kuponi sabwereza. Wa m'sitolo mtengo wake ndi wowirikiza kakhumi. Chimanga cha mabanja khumi ndi awiri chamera, chili chikasu, chikudikira. Anthu sakundilankhula, amangoyang'ana denga la nyumba yako n'kumawerenga ndi milomo. Kalabu yaitanitsa bwalo pa 3 Januwale, ndipo akuti ndalama ikapanda kuoneka, malata atsika.

Njira yaulere ija unanena, ino ndiyo nthawi yake. Itumize msanga.

Mkulu wako,
Simeon


Joni, 21 Disembala 2009

Alamu anga a Ezelina,

Moni. Kalata iyi ndi yanu nokha. Achimwene muwawerengere ndime yoyamba yokhayi: ndamva chisoni kwambiri, ndikuwapempherera, phewalo azilithowa ndi madzi otentha.

Tsono inu ndinu munthu wa sukulu, timvana. Pepala lomwe anadinda lija likunena kuti kagalimoto ndi kawo, ndipo ngozi iliyonse yochokera pa iko ndi yawo, ine sindikhudzidwa ngakhale pang'ono. Nyumba yanga ndi malata anga zili kunja kwa nkhaniyi. Tsiku la bwalo mukapereke pepalalo kwa a Lefina mwakachetechete, a Raymond awamasulire. Nenani momveka kuti Moffat alibe galimoto, sanakhalepo nayo.

Musaone ngati nkhanza. Achimwene alibe kanthu koti anthu angawalande, kupatula njinga yopanda tcheni ija. Adzawakalipira, kenako adzatopa. Koma ine ndili ndi malata makumi anayi oti nditaye, ndipo lililonse ndinaligula ndi msana. Umu ndi momwe anthu ozindikira amachitira kuno: mlandu umauika pa amene alibe kanthu.

Zikatha bwino ndikutumizirani foni ya kamera ndi nsapato.

Mlamu wanu,
Moffat


Kaluluma, 17 Januwale 2010

Moffat,

Moni. Tili bwino, phewa latsika, chimanga chabiriwira. Ndiyamba ndi pamenepo kuti udziwe kuti nkhaniyi yathera pabwino, ngakhale si kwa onse.

Kalata yako ija alamu ako anandiwerengera ndime yoyamba monga unalamulira, ndipo ndinathowa phewa ndikukudalitsa. Zotsalazo anasunga. Tsiku la bwalo, pansi pa chigafa cha kalabu, anthu atadzaza mpaka kunja, anaimirira n'kuti, "Apampando, ndatumidwa kuti ndipereke pepala mwakachetechete. Koma ine mawu anga ndi aakulu chibadwire." Anawerenga yonse, Moffat. Mpaka njinga yanga yopanda tcheni. Mpaka nsapato.

Anthu anaseka, ine sindinaseke. Ndinayang'ana chala changa chachikuluchi nthawi yaitali. Ndinakumbukira tsiku lomwe ndinauza mpingo wonse kuti mng'ono wanga wandigulira galimoto, ndi momwe ndinaperekera nkhuku ya chithokozo. Zoti unandimanga goli ndili kuvina, sindinazione.

A Raymond anamasulira pepala la Chingerezi lija mawu ndi mawu, thukuta lili kamukamu. Kenako alamu ako anatulutsanso kalata yako ya Novembala, ija ya abakha, ija umati K3,000 ya kagalimoto ifike kwa iwe yathunthu.

A Lefina anamvetsera zonse atagwira chibwano. Ndiye akuti: "Pepala likuti galimoto ndi ya a Simeon. Ife ndife ndani kuti titsutsane ndi Chingerezi? Ndi yawo, ndipo a Moffat achitira umboni kawiri. Koma kwathu kuno ng'ombe ikadya m'munda mwa eni, amalipira ndi amene amamwa mkaka wake, osati amene anangopatsidwa chingwe kuti agwire. Mkaka wa galimotoyi unkapita kuti?"

Chigafa chonse chinayankha pamodzi ngati kwaya: "Ku Joni!"

Chigamulo chinagwa motere. A Raymond, chifukwa choukitsa akufa osalengeza, agulire Masautso ng'ombe ina, kuchotsapo za nyama ya Sajeni. Ine, chifukwa cha phazi ndi vuuum, theka la thumba langa lapita, ndisalandire kanthu, ndipo ndizinyamula odwala ulere mpaka imfa. Ndinavomera, phazi linali langadi. Feteleza wa mabanja khumi ndi limodzi otsalawo, alipire womwa mkaka.

Tinadikira Thandizo sabata yathunthu, mwina wabwera ndi kanthu. Anabwera ndi moni. Ndiye Lolemba malata makumi atatu anatsika. Anagula ndi mwini sitolo wa pamsika, ndipo feteleza anafika tsiku lomwelo, pa ngolo yeniyeni. Sanazule mwachipongwe ayi, misomali yonse anakuwongolera, ili m'chitini. Makwerero ndinagwira ndine, poti ndiwe unandiika kukhala woyang'anira nyumba. Khumi tawasiya pamwamba pa chipinda chogona, kuti ukadzabwera kudzatitukwana usadzanyowe.

A Raymond asamuka, akukhala kuseri kwa sitolo. Jane anawakana, akuti safuna mwamuna wochita zinthu mobisa. Lendi yatha, usamutumenso Thandizo.

Galimoto yanga ili bwino. Denga tinawongola ndi mpini. Chopondera chija Masautso anachikhomera chipika pansi pake, ndipo mabatire tachotsamo onse. Awiri alamu ako agulitsa n'kugula sola, anayi otsalawo akutchajira mafoni a mudzi wonse pakhonde pathu. Anthu amakhala pamzere ngati kudepoti. Njinga ija tsopano ili ndi tcheni.

Ndamva kwa Thandizo kuti ukuti mabatirewo ndi ako, tikutumizire gawo lako. Ndinafunsa a Lefina. Akuti ubwere udzanene pabwalo kuti galimoto ndi yako, tsono pali nkhani ya ng'ombe ya Masautso yomwe a Raymond angakonde kugawana nawe.

Ndinapitanso kuofesi ya inshuwalansi kuja kukawauza mmene zathera. Mtsikana wa zikhadabo uja anawerengetsa pa kamakina kake, akuti ndalama ija ya pachaka inali mtengo wa malata khumi okha. Sindinamufunse, ananena yekha. Ndati ndikuuze, poti iwe ndi loya wako mumakonda masamu.

M'envulopumu muli pepala la kalabu, lonena kuti malata anatsika mwachigamulo ndipo mlandu watha. Pansi pake alamu ako ajambula mtanda. Ndi la Chichewa. Usanadinde uliwerenge lonse, kawiri, ndipo pomwe sukumva ufunse. Kuno m'bale sitimudinditsa chala atatsinzina.

Ndine mkulu wako, mwini galimoto,
Simeon

Alamu, uyu ndi Ezelina. Izi andiuza okha kuti ndilembe: foni ya kamera ija mukabwera nayo, kutchaja ndi K30. Achibale sitichotsera.